Kachilombo ka cheya komwe kamachokera m'khola la nkhumba

Mvula yoyamba ikagwa kwa T/A Mwase m'boma la Kasungu, madzi sathamanga. Malo ake ndi athyathyathya, choncho amayenda pang'onopang'ono kutsikira ku dambo atakokolola zonse zomwe zinauma pabwalo m'chilimwe: ndowe za mbuzi, zitosi za nkhuku ndi zonyansa za m'khola la nkhumba. Kudamboko ndi komwe kuli zitsime zosaya zomwe alimi amakumba pothirira nazale za fodya ndi ndiwo za m'dimba. Mjigo ukawonongeka, kapena mzere ukatalika, mabanja ena amatunga madzi akumwa pa zitsime zomwezo.

Tikamva za madzi otere timaganiza msanga za kolera, ndipo m'pomveka. Mliri wa m'zaka za 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Koma lero tikambirane za kachilombo kena komwe ambiri sanakamvepo, kotchedwa Balantidium coli. Kwawo kwenikweni ndi m'matumbo a nkhumba, ndipo nthawi zina kamalowa mwa munthu n'kumudwalitsa kamwazi. Sikapezeka kawirikawiri, ndipo sindikufuna kuti wina aziti kamwazi aliyense wachokera ku nkhumba. Ndakasankha chifukwa kapangidwe ka thupi lake kakufotokoza bwino malangizo omwe timakupatsani tsiku ndi tsiku, monga chifukwa chomwe a ku labotale amakanira chimbudzi chogona, ndiponso chifukwa chomwe timalimbikira kuti madzi aziwira.

Mtundu wake

Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo osawerengeka. Koma pali zamoyo zina zomwe thupi lake lonse ndi selo imodzi basi. Selo imodziyo imayenda, imadya, imataya zonyansa ndipo imaswana. Zina mwa izo ndi mabakiteriya, monga woyambitsa kolera. Zina ndi zokulirapo ndipo mkati mwake muli zigawo zooneka bwino. Izi a sayansi amazitcha protozoa.

Mabuku omwe timaphunzira ku sukulu ya zaumoyo amagawa tizilombo timeneti m'magulu anayi potengera mayendedwe ake, ndipo gulu lililonse lili ndi nthenda yomwe Amalawi timaidziwa. Pali toyenda modzikwakwaza, tosintha maonekedwe ngati phala lotayika, ndipo mmenemu muli amiba yemwe amayambitsa mtundu wina wa kamwazi. Pali tokhala ndi kamchira konga chikwapu, monga kachilombo ka kaodzera komwe kamafala ndi ntchentche za kashembe m'mphepete mwa nkhalango za Kasungu, Nkhotakota ndi Vwaza. Pali topanda chiwalo chooneka choyendera, tomwe timabisala m'maselo a munthu, monga kachilombo ka malungo. Gulu lachinayi ndi la tizilombo tokutidwa ndi ticheya tosawerengeka. Ticheyati amatitcha cilia, mawu a Chilatini okhudza zikope, chifukwa timaoneka ngati tsitsi la m'zikope. Gulu lonse amalitcha Ciliophora.

Gululi si laling'ono. Mitundu yomwe inalembedwa m'mabuku ndi pafupifupi 8,000. Mutatunga madzi obiriwira a m'dambo n'kuika kadontho kamodzi pa maikulosikopu, mungaone tina mwa ito tikusambira. Woyamba kutiona anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mumzinda wa Delft ku Netherlands, yemwe ankadzipangira yekha magalasi okulitsa zinthu. M'chaka cha 1676 analembera akatswiri a bungwe la Royal Society ku London za tinyama tomwe anationa m'madzi a mvula. Tina timaoneka ngati phazi la nsapato, monga Paramecium yemwe ana a sekondale amajambula m'makope. Tina ngati belu lokhala pa kamtengo. Tina timakhala m'chifu cha ng'ombe ndi mbuzi, momwe timathandiza kugaya udzu, moti ng'ombe iliyonse yokoka ngolo ya fodya imayenda ndi miyandamiyanda ya tizilombo ta cheya m'mimba.

Mwa mitundu yonseyi, umodzi wokha ndi womwe umadziwika kuti umakhazikika m'matumbo a munthu n'kumudwalitsa. Ndiwo Balantidium coli.

Dzina lakeli lasinthasintha, ndipo kusinthako kukuonetsa mmene a sayansi amagwirira ntchito. M'chaka cha 1857 dokotala wa ku Sweden, Per Henrik Malmsten, anakaona mu chimbudzi cha odwala awiri otsegula m'mimba kwambiri mumzinda wa Stockholm. Poona cheya chake anakatcha Paramecium coli, poganiza kuti ndi m'bale wa ka m'dambo kaja. Mu 1861 Rudolf Leuckart wa ku Germany anakapeza m'matumbo a nkhumba. Mu 1863 Friedrich Stein anakasamutsira mu mtundu wa Balantidium, womwe unali utakhazikitsidwa kale chifukwa cha kachilombo kofanana nako kopezeka m'matumbo a achule. Dzinali likuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kathumba.

Linakhala choncho zaka 150. Kenaka kunabwera njira yoyeza DNA, ndipo zinaoneka kuti ka mu nkhumba ndi ka mwa chule amangofanana nkhope, si apachibale enieni. Mu 2013 akatswiri ena anati kazitchedwa Neobalantidium coli, koma ena anakumbutsa kuti dzina la Balantioides linaperekedwa kale mu 1931, ndipo pa malamulo a mayina a zamoyo, lomwe linayamba ndilo limakhala. Choncho mukaona Balantioides coli m'mabuku atsopano, ndi komweko. Ife m'zipatala tinazolowera lakale.

Kuyeza DNA kunaululanso china chomwe magulu anayi aja ankabisa. Tizilombo ta cheya ndi kachilombo ka malungo ndi a fuko limodzi lalikulu lotchedwa Alveolata, ngakhale kuti pamaso safanana m'pang'ono pomwe. Chomwe chimawalumikiza ndi timatumba tathyathyathya toyalidwa kunsi kwa khungu la selo. Chibale chake n'chakutali kwambiri, ndipo musaganize kuti mankhwala a malungo a LA angachize kamwazi ameneyu. Sangatero.

Thupi lake

Mwa tizilombo tonse ta selo imodzi tomwe timakhala m'matumbo a munthu, aka ndi kakakulu kuposa tonse. Timayeza ndi muyeso wotchedwa maikulomita, womwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Selo yofiira ya magazi imakhala mamaikulomita 7 kapena 8. Kachilombo kathuka, pamene kakusambira, kamatalika kuyambira 30 mpaka 150. Kakakula bwino kamafanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu. Ndi chifukwa chake woyeza ku labotale safunika mankhwala odula kuti akaone. Kadontho ka madzi a mchere, kachidutswa ka chimbudzi ndi galasi lokulitsa pang'ono ndi zokwanira.

Maonekedwe ake ndi ngati dzira, kosongoka pang'ono kutsogolo. Thupi lonse lakutidwa ndi ticheya tomera m'mizere yochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ngati mizere ya m'munda. Ticheyato sitigwedezeka chisawawa. Kamodzi kakapalasa, kotsatira kamapalasa pambuyo pake pang'ono, ndipo zimaoneka ngati mphepo ikudutsa m'munda wa mawere. Popeza mizereyo ndi yopendekeka, kachilombo kamayenda kakuzungulira ngati chobowolera matabwa. Amene anakaonapo kamodzi kakudutsa pa galasi sakaiwala, chifukwa amiba amayenda mwaulesi, pomwe aka kamangoti phe! kudutsa n'kutuluka m'malo omwe ukuyang'ana.

Ticheya totere tilinso mwa ife. Njira ya mpweya, kuyambira m'mphuno mpaka m'mapapo, inayalidwa ndi maselo a cheya chomangidwa mofanana ndendende ndi cha kachilomboka. Ntchito yake ndi kusesa fumbi ndi mamina kuti zikwere kukhosi. Utsi wa fodya umafooketsa ticheya timeneti, n'chifukwa chake osuta amadzuka ndi chifuwa m'mawa. Kuno komwe chingambwe sichisowa, ndi bwino kuzidziwa.

Kutsogolo kwa kachilombo kuli kamphako konga fanulo, kozunguliridwa ndi ticheya totalikirapo tomwe timakankhira chakudya mkati. Apa ndiye pakamwa. Kamadya mabakiteriya, tizidutswa ta chakudya chokhuthala monga chimanga, ndipo kakayamba kuwononga matumbo kamadyanso maselo a magazi. Kumbuyo kuli kabowo kotayira zotsalira. Mkati muli timatumba tiwiri tomwe timadzaza madzi n'kuwafinyira kunja, kuti selo isatupe n'kuphulika. Taganizirani: pakamwa, potulukira zonyansa ndi chopopera madzi, zonse mu selo imodzi.

Chodabwitsa koposa ndi phata la selo, lomwe a sayansi amati nucleus, momwe mumasungidwa malangizo onse a moyo. Maselo athu ambiri ali ndi phata limodzi. Tizilombo ta cheya tili ndi mitundu iwiri. Pali lalikulu, lomwe mwa Balantidium limaoneka ngati nyemba kapena impso, ndi laling'ono kwambiri lobisala pa mphako ya nyembayo. Ndimakonda kuzifanizira ndi chimanga cha pakhomo. Lalikulu lili ngati nkhokwe yomwe banja limatapamo tsiku lililonse, chifukwa ndilo limayendetsa kudya, kuyenda ndi kukula. Laling'ono lili ngati mbewu yomwe mayi amapachika pamwamba pa moto, yosakhudzidwa mpaka nthawi yodzala. Nthawi zina tizilombo tiwiri timagundana pakamwa, n'kusinthana zochokera mu phata laling'onolo, kenaka n'kusiyana. Zikatero nkhokwe yakale imaphwasulidwa, ndipo yatsopano imamangidwa kuchokera ku mbewu yosakanizayo. Pochita izi chiwerengero sichikwera. Kuchulukana kumachitika mwa njira ina: kachilombo kamadzidula pakati chopingasa, ngati mmene timadulira nzimbe, pomwe ka kaodzera kamang'ambika m'litali ngati nsungwi.

Nyemba imeneyi ndiyo chizindikiro chomwe woyeza amafunafuna kachilombo kakakhala kuti kasiya kuyenda.

Chigoba

Kosambira kaja ndi kosalimba. Kakatuluka m'thupi sikakhalitsa, ndipo ngakhale munthu atakameza, asidi wa m'chifu amakapha nthawi zambiri. Chikhala kuti ndi mmene kalili nthawi zonse, bwenzi nthendayi isakufala.

Koma chimbudzi chikamauma kumapeto kwa matumbo aakulu, kachilombo kamadzikulunga n'kukhala kobulungira, kenaka kamadzikuta ndi chigoba cholimba. Pa Chingerezi amati cyst. Si dzira ayi, ndi kachilombo komweko katadzitsekera m'nyumba. Kukula kwake ndi mamaikulomita 40 mpaka 60. Mkati mwa chigobacho sikadya ndipo sikaswana, kamangodikira. Pamalo a chinyezi ndi a mthunzi, monga m'matope a m'khola kapena m'mbali mwa chitsime, kamatha kukhala ndi moyo masabata angapo. Dzuwa ndi kuuma zimakapha. Ndi chifukwa chake chiopsezo chimakwera m'dzinja kusiyana ndi mu Okutobala.

Munthu akameza chigobachi ndi madzi, ndi ndiwo zosaphika kapena kuchokera m'manja, chimadutsa m'chifu osavulala. Chimasweka m'matumbo aang'ono, ndipo kachilombo kamatsikira m'matumbo aakulu momwe kamakhazikika.

Apa pali mfundo yomwe ndikufuna mavolontiya muigwire bwino, chifukwa anthu amasokoneza. Nthendayi sibwera chifukwa chodya nyama ya nkhumba. Ya nyama yosapsa ndi ina, ya njoka ya m'mimba yochokera ku timatuza toyera tomwe anzathu a ku Katete ndi Petauke amati masese. Balantidium sakhala mu mnofu. Amakhala mu ndowe. Ali pa chiopsezo ndi mwana wotumidwa kukasesa khola, bambo wonyamula manyowa aawisi kupita nawo ku dimba, mnyamata wotsuka matumbo a nkhumba kuseri kwa chiwaya pa msika, ndi aliyense womwa madzi a chitsime chomwe chili kumunsi kwa khola. Munthu wodwala angathenso kupatsira mnzake ngati pakhomo palibe chimbudzi. Anyani nawonso amakhala nako, zomwe a minda ya m'mphepete mwa nkhalango ayenera kudziwa.

Nkhumba zambiri zimakhala ndi kachilomboka osadwala konse. Simungaizindikire poiyang'ana.

Kuti madzi osefukira angachite zotani zinaoneka pa zilumba za Truk, zomwe lero zimatchedwa Chuuk, m'nyanja ya Pacific. Mu 1971 namondwe anaphwasula nyumba ndi mosungira madzi a mvula, anthu n'kuyamba kumwa madzi a pansi omwe anasakanikirana ndi ndowe za nkhumba. Anthu 110 anapezeka ndi nthendayi m'kanthawi kochepa. Kwina komwe imadziwika kwambiri ndi ku mapiri a Papua New Guinea, ku Philippines ndi madera ena a ku South America, konse komwe anthu amakhala moyandikana kwambiri ndi nkhumba. Ife amene tinaona zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 sitingati nkhani ya ku Truk ndi ya kutali.

Mwa munthu

Ambiri omwe ameza kachilomboka sadwala. Kamangokhala m'matumbo kakudya mabakiteriya, kenaka n'kutha. Ena amatsegula m'mimba mwa apo ndi apo kwa masabata kapena miyezi, m'mimba mumapota, ndipo amaonda pang'onopang'ono. Owerengeka ndi omwe amadwala kwambiri. Mwa iwowa kachilombo kamatulutsa timadzi tosungunula zomwe zimamata maselo a khoma la matumbo, ndipo ndi kuzungulira kwake kuja kamaboola n'kusiya zilonda. Apa ndi pomwe chimbudzi chimatuluka ndi magazi ndi zonanda, munthu n'kumamva ngati akufunabe kupita kuchimbudzi atangochokako. Chilonda chikazama mpaka kuboola thumbo, moyo umakhala pa ngozi ndipo pamafunika opaleshoni. Amene amafika apa kawirikawiri ndi ana onyentchera, okalamba, omwa mowa kwambiri ndi omwe chitetezo chawo chatsika, monga amene ali ndi HIV koma asiya kumwa ma ARV.

Vuto ndi lakuti kamwazi yense amaoneka chimodzimodzi pamaso. Mwa ana, wochuluka amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Shigella, ndipo n'chifukwa chake kuchipatala timayamba ndi mankhwala olimbana ndi ameneyo, n'kukuuzani tsiku loti mubwerenso. Tsiku limenelo musamalinyozere. Mwana akapanda kusintha, m'pamene timaganiza za amiba kapena kachilombo ka cheyaka, ndipo chomwe chingasiyanitse ndi maikulosikopu basi. Ngati pakhomo pali nkhumba, nenani ngakhale musanafunsidwe. Mawu amodzi amenewo amatha kusintha zomwe dokotala alembe pa kapepala ka ku labotale.

Tsopano za chimbudzi chokayezetsa, pomwe zonse tafotokozazi zikugwira ntchito. Wodwala kamwazi amatulutsa kwambiri tosambira tija, osati zigoba, chifukwa chimbudzi chamadzi sichipatsa kachilombo mpata wodzikuta. Tosambirato timafa ndi kusungunuka msanga. Chimbudzi cha usiku chomwe chabwera m'mawa pa kabaza sichionetsa kanthu, ndipo zotsatira zimati palibe chomwe chapezeka pomwe nthenda ilipo. Chiyenera kufika pa galasi ola limodzi lisanathe, choncho njira yabwino ndi kulandira kabotolo ku labotale n'kuchitira pa chipatala pomwepo. Tengani mbali yomwe ili ndi magazi kapena zonanda. Chisasakanikirane ndi mkodzo, chisatoledwe pa dothi, ndipo kabotolo musakatsuke ndi madzi a pa chitsime. Kumbukirani abale ake a m'dambo aja: kamodzi kakalowa m'botolo, woyeza angaone cheya chikupalasa n'kuganiza kuti wapeza nthenda. Akakuuzani kuti mubweretsenso kachiwiri kapena kachitatu, sikuti akukuvutitsani. Kachilomboka sikatuluka tsiku lililonse.

Mankhwala alipo ndipo ndi odziwika: tetracycline kapena metronidazole, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina la Flagyl. Koma musathamangire kukagula makapisozi pa okala. Tetracycline saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka 8, chifukwa amawononga mano omwe akukula n'kuwasiya achikasu moyo wonse. Flagyl sayenderana ndi mowa. Mapiritsi oimitsa kutsegula m'mimba ndi oopsa pa kamwazi, chifukwa amatsekera tizilombo mkati. Chomwe mungayambe pakhomo ndi Thanzi ORS, kupitiriza kuyamwitsa ndi kudyetsa, uku mukunyamuka. Kwa a kiliniki ya m'mudzi, magazi mu chimbudzi cha mwana ndi chizindikiro chotumizira ku chipatala tsiku lomwelo.

Nanga nkhumbazo?

Sindili m'gulu la omwe amauza anthu kuti asiye kuweta nkhumba. Chaka chomwe fodya wagulidwa motchipa ku okushoni, nkhumba ndiyo imalipira fizi ndi kugula feteleza. Langizo lomwe limaiwala zimenezi anthu amalimvera pa msonkhano n'kulisiya pomwepo. Chofunika ndi malo a khola ndi komwe ndowe zikupita.

Khola likhale kumunsi kwa chitsime, osati kumtunda, ndipo litalikirane nacho mamita osachepera 30, monga timanenera za zimbudzi. Nkhumba zikhale m'khola, zisamayendeyende pabwalo pomwe ana akukwawa. Izi zimathandizanso pa chigodola ndi pa masese. Manyowa aunjikidwe pa mulu, atenthe ndi kuwolerana asanapite ku dimba, makamaka la tomato, kabichi ndi zina zomwe ena amadya zosaphika. Mpondagiya ndi sopo zikhale pafupi ndi khola, osati pa chimbudzi pokha. Mavolontiya mukamayendera makomo kuwerenga zimbudzi, thandala ndi dzenje la zinyalala, onjezani funso limodzi: mvula ikagwa, madzi ochokera m'kholali amalowera kuti? Mwini nyumba amadziwa yankho, ndipo nthawi zambiri ngalande yaifupi yopatutsa madziwo ndi yokwanira.

Pa madzi akumwa, klorini yemwe alangizi a zaumoyo amagawa ndi WaterGuard ndi zabwino kwambiri pa kolera ndi Shigella, ndipo musasiye kuthira. Koma zigoba za tizilombo ta mtundu wa protozoa zimapirira klorini kuposa mabakiteriya, makamaka madzi akakhala amatope. Ngati mwakakamizika kutunga pa chitsime cha kudambo m'miyezi ya mvula, asiyeni madziwo adikhe, asefeni ndi nsalu yoyera, kenaka muwawiritse mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Nkhuni ndi zosowa m'dera lomwe mitengo yambiri inathera ku zigafa, choncho ngati simungathe kuwiritsa a banja lonse, yambani ndi a ana osakwana zaka 5, a mayi woyembekezera ndi a wodwala.